Masamu Anga Pakhomo pa Ahedi

Ndikukumbukira bwalo la sukulu yathu kumtunda kuno ku Tsangano. Dothi lofiira, mitengo ya bulugama mbali iyi, nyumba ya ahedi mbali iyo, ndi mphepo yodutsa pakati ngati ikusaka munthu amene inayambana naye. Ndalikumbukira chifukwa Lachitatu lapitali anatiitana makolo kusukulu ya mwana wanga Tiyamike, ati akatifotokozere za matabuleti amene ana akuphunzirira masiku ano, ndipo ndinabwerako nditakwiya. Mkazi wanga akuti ndizilembe m'malo momakalipira anthu odzagula mbatatesi pamsewu. Ndiye ndikulemba. Amene munaphunzira kwambiri musandikonze. Ine ndinalekezera Sitandade 4, ndipo chifukwa chake muchimva.

Ife kope lathu linali pansi. Anzanga a msinkhu wanga mukudziwa zimenezi, musanamizire kuiwala chifukwa muli ndi mafoni. Makalasi ofolera anali a akuluakulu, ife a Sitandade 1 ndi 2 tinkakhala pabwalo. Ukafika m'mawa umasalaza dothi ndi chikhatho, kujambula malire ako ndi chala, basi kope latheka. Ndewu zambiri zinali za malire omwewo. Munthu kungolowetsa chidendene m'kope mwako, mumagwirana pakhosi ngati akulanda munda wa makolo. Cholembera chinali chala chamkombaphala chomwechi. Mwezi wa Julaye, chisanu cha kuno mukuchidziwa, chalacho chimauma ngati chikuni. Umayamba wachiika kukhwapa kuti chidzuke, kenako n'kumalemba. Pofika poweruka mawondo ofiira, kabudula wofiira, mamina nawo ofiira.

Aphunzitsi athu anali a Chimkwita, munthu wamfupi, wa jekete limodzi chaka chonse, wonunkhira fodya wopichira. Ankayenda ndi kamtengo ka pichesi. Kamtengoko kanali ndi ntchito ziwiri. Ukakhoza, ankachonga nako pansi. Ukalakwa, ankafufuta ndi nsapato, kamtengo n'kutera pamsana. Kaphunzitsidwe kawo kanali kamodzi, kosasintha. Alemba masamu pabolodi loyedzamira bulugama, tonse tiimbe pamodzi mpaka amayi akumadimba adziwe kuti lero ndi masamu. Kenako akuti lembani. Ndiye panali kamtsikana kena kakutsogolo, kochenjera ngati mbewa, kankamaliza munthu usanapume kawiri. Kakangokweza dzanja, a Chimkwita ayamba kuchonga. Kalasi yonse, ana odzaza bwalo, tinkayendera liwiro la kamtsikana kamodzi kameneko.

Ine sindinali mbuli. Izi ndikunena poyera, amene akufuna kutsutsa adzandipeze pamsewu. Ndinali wochedwa basi. Samu iliyonse ndinkaiwerenga ndi timiyala, kusuntha kamodzikamodzi, ndipo ndikasokonezeka pakati ndinkayambiranso. Ndikamafika pa samu yachitatu, mthunzi wa a Chimkwita wagwera kale pakope langa. Amangofunsa kuti zinazi wasungira ndani, kenako msana wamva. Chaka choyamba ndinabwereza. Chachiwiri ndinabwerezanso. Chaka chachitatu m'Sitandade 2 ndinali wamtali moti anzanga ankandilekeza m'khwapa, ndipo mlendo wina anandipatsa moni wa manja awiri poganiza kuti ndine wothandizira aphunzitsi. Ankandikhazika kumapeto kwenikweni kwa mzere wakumbuyo kuti ndisatchinge ena, pomwe kanjira kochokera pakhomo pa ahedi kankatulukira pabwalo. Malo amenewo muwakumbukire.

Abambo anga, a Ngozo, anali mkulu wa mpingo koma sanapondeko m'kalasi. Nyimbo zonse ankazidziwa pamtima, buku ankangoligwira chifukwa cha ulemu. Anali munthu wosakhulupirira zakumva. Ng'ombe sankagula asanaitsegule pakamwa. Tsiku lina Lachinayi tikukumba mbatatesi kudimba anaimika khasu n'kundiyang'ana kuyambira kumapazi.

"Iwe, amalume ako akubwera Lamulungu. Akufuna wobusa ng'ombe kutsidya. Zaka zitatu kalasi imodzi, ngakhale chitsa chikanaphuka. Ngati sindiona ndi maso angawa kuti mutu wako ukugwira, upita nawo."

Kutsidya ndiye ku Mozambiki, kungodumpha msewu n'kuyenda tsiku lonse. Anyamata amene anapita kobusa kumeneko palibe anabwereranso kusukulu. Ankabwera patapita zaka, mapazi ong'ambika, odziwa kuimba mluzu basi. Sindinama kuti ndinkakonda maphunziro. Ndinkakonda mpira wa pabuleki. Koma panali chinthu chimodzi chinkandiwawa. Malole obwera kudzatenga mbatatesi anali ndi mawu olembedwa kumbuyo. Anzanga ankawerenga n'kumaseka, ine n'kumaseka nawo osadziwa choseketsa. Ndinkafuna tsiku lina ndidzaseke zoona. Tsono zotsatira za mayeso ankalengeza tsiku lotsekera sukulu, milungu iwiri kutsogolo. Amalume ankabwera patangotsala masiku atatu.

Lachisanu a Chimkwita analemba masamu khumi pabolodi. Tisanayambe bwinobwino kunatulukira akazi awo akuthamanga, chitenje chili m'manja, ati nkhumba ya munthu yalowa m'dimba lawo la kabichi. A Chimkwita anangoti wina asadzuke, n'kuuyamba ulendo. Tinkawaona patali kuchigwa, jekete likuuluka. Nkhumbayo inali yodziwa ntchito yake. Inalowa m'tirigu wa eni, inatulukira kumtsinje, inazungulira chulu, n'kubwereranso m'kabichi momwemo. Anzanga anamaliza kalekale. Ena anayamba kuponyerana dothi, ena anaima pa zala kuchemerera nkhumba chapansipansi.

Ine ndinali ndi timiyala tanga. Ndinamaliza yachitatu, ndinayang'ana pakope, mthunzi palibe. Yachinayi. Yachisanu. Makutu anga anali kuchigwa, ndikamva nkhumba ikulira ndimadziwa kuti nthawi ikadalipo. Ndinafika pa khumi kwa nthawi yoyamba chilowereni sukulu. Ndinabwereza zonse kuyambira pamwamba, ndinapeza imodzi yolakwika, ndinafufuta ndekha n'kukonza. Kukoma kwake simungakumvetse ngati munali wofulumira. Kupeza cholakwa chako wekha, msana usanadziwe.

A Chimkwita anabwera matope mpaka m'mawondo, akupumira m'mwamba, kabichi atatha theka. Tsiku limenelo kamtengo kanagwira kwambiri ntchito yake yachiwiri. Pofika pa ine anali atakweza kale mkono, poti ankadziwa kuti apa sipafunika kuwerenga. Anayang'ana pansi. Mkono uli m'mwamba chomwecho. Anayang'ana kope la mnzanga wakumanzere kuti mwina ndaonera, anapeza mnzangayo wakhoza zinayi. Kumanja kunalibe munthu, kunali kanjira ka ahedi. Anatsitsa mkono pang'onopang'ono ngati ukuwawa, anachonga tiki yaikulu ngati mpini wa khasu, n'kulemba 10, kamzere, 10 wina pansi pake.

"Hm. Lero wadya chiyani?"

"Aphunzitsi, mungandilembereko papepala ndikaonetse abambo?"

"Pepala? Ukuona ngati ndimalima mapepala? Adikire tsiku lotsekera ngati makolo ena onse."

Ndiye taganizani. Ndakhoza zonse, umboni ulipo, koma umboniwo ndi dziko la Malawi, sunganyamule. Anzanga ataweruka ndinatsala ndekha. Ndinayesa kukumba pakona ndi kachitsulo kuti mwina ndingazule chigulumwa chonse, dothi linangoyoyoka. Mphepo inali itayamba kale kudya 10 wapansi. Mbuzi za m'mudzi, zimene zinkalowa pabwalo ana akangochoka, zinali zitaima pabulugama kundidikira kuti ndichoke. Koma ndinkadziwa chinthu chimodzi. Loweruka lililonse m'mawa abambo ankadutsa pabwalo pomwepo popita kukasesa m'tchalitchi, chimene chinali kuseri kwa sukulu. Ntchito yanga inali kusunga masamuwo mpaka kuche, basi.

Ndinachita zimene mwana wa mlimi amadziwa. Kwathu chinthu chanthete chimene chili pansi timachimangira nazale, monga timachitira ndi mbewu ya kabichi. Ndinapita padzala pa ahedi, poti ndi pomwe panali pafupi, ndipo iwo ndi banja lawo anali atapita ku Boma. Ndinatapa phulusa n'kulithira m'mizere ya manambala onse, imodziimodzi, kuti aoneke oyera ngakhale mphepo ipite pamwamba. Ndinazika timitengo tinayi ta mphanda, n'kuika kadenga ka udzu kolekeza m'bondo. Ndinazunguliza minga chifukwa cha mbuzi. Kuti udzu usauluke ndinautsinjika ndi zimene ndinatola padzala pomwepo: phale, nyanga ya ng'ombe, ndi fupa lina lalitali. Nkhuku timaziopseza ndi chinthu chopepeluka, ndiye ndinamangirira kansanza kofiira pakamtengo, pamodzi ndi nthenga zakuda zimene ndinazipeza. Ndinaima patali, ndinayang'ana, ndinaona kuti ndagwira ntchito yaukhondo.

Chimene sindinkadziwa, pokhala mwana, n'chakuti ahedi anali pa mkangano ndi anthu a mudzi wina pa nkhani ya malo okulitsira bwalo la mpira. Sabata yomweyo nkhalamba ina inali itawauza pamsonkhano kuti tiona ngati mvula ikupezeni pano.

Kunyumba ndinawauza abambo kuti ndakhoza masamu onse ndipo ali pabwalo. Za nazale sindinanene, ndinkafuna akadabwe.

"Zolemba pansi? Nkhuku nazo zimalemba pansi tsiku lililonse, sindinazitumizepo ku Sitandade 3."

Koma anati aona podutsa.

M'mawa mwake kunali nkhungu yoti munthu umamva mawu ake usanamuone. Abambo patsogolo, ine pambuyo. Tisanafike tinamva chiphokoso ngati pamaliro. Titatulukira pabwalo tinapeza anthu aima mozungulira, patali ndithu, pakati pali nazale yanga, kansanza kofiira kakupepeluka bwinobwino monga ndinafunira. Akazi a ahedi akulira, ana anawatulutsira pawindo la kuseri poti pakhomo sipadutsika. Ahedi eniake, munthu wophunzira, wa Chingerezi cha m'mphuno, anaima pakhonde atavala jasi pamwamba pa zogonera, Baibulo kukhwapa, osatsika ngakhale sitepe imodzi. Palibe ankayandikira. Anthu ankangowerama chapatali kusuzumira pansi pa kadengako, n'kumaona mizere yoyera. Ndipo aliyense anasanduka katswiri.

"Chachitalicho ndi chikwakwa," anatero mayi wina.

"Chikwakwa chanji, ndi khasu lokumbira manda limenelo. Ine ndikuona teni pamenepo. Ahedi atsala ndi masiku teni."

"Ma teni ndi awiri. Winayo ndi wa amayi."

Akazi a ahedi anawonjezera kulira. Ahedi atawaona abambo anawaitana ali pakhonde pomwepo.

"A Ngozo, mwafika bwino. Inu ndinu mkulu wa mpingo. Tichotsereni chinthu ichi."

Anthu anabweretsa ndowa ya madzi atasungunuliramo mchere, ndi tsache. Abambo anavula chipewa n'kundipatsa ine kuti ndigwire. Anayambitsa nyimbo, anthu n'kumavomera ndi mawu onjenjemera, iwo akuyandikira minga, ndowa ili m'manja.

Apa m'mutu mwanga munayenda masamu ofulumira kuposa a kamtsikana kaja. Ndikayankhula, ahedi andimaliza pamaso pa mudzi wonse. Ndikakhala chete, ndowa imodzi yokhayo ikwana, ndipo mawa ndili kumbuyo kwa ng'ombe za amalume, umboni ataukokolola abambo anga omwe ndi manja awo, uku akuimba. Ndinalumpha minga, chipewa chili m'manja, n'kuima pakati pa ndowa ndi nazale.

"Abambo, musathire. Ndi masamu anga."

Nyimbo inaduka pakati. Mayi wa chikwakwa uja anati chamugwira mwanayo, a Ngozo thirani pa iye yemweyo. Abambo analoza nyanga ija.

"Nyanga iyi ndi masamu?"

"Ndi yotsinjikira udzu."

"Nthengazi?"

"Zoopsezera nkhuku. Ngati kudimba kuja."

Anayang'ananso chinthucho, koma tsopano ndi maso a mlimi. Anagwedeza mphanda imodzi kuti aone kulimba kwake.

"Mphandazi wazika bwino," anatero.

Anaika ndowa pansi, anachotsa nyanga, phale ndi fupa, n'kunyamula kadenga konse. Anthu anabwerera m'mbuyo. Masamu anga anali pomwepo, oyera, athunthu, kupatula nyerere zimene zinadutsa pa samu yachiwiri. Abambo anawerama n'kuyang'anitsitsa monga ankayang'anira mano a ng'ombe. Koma mano awa sankawadziwa. Anadzuka.

"Ahedi, tatsikani. Ntchito iyi si ya mpingo, ndi yanu."

Ahedi anatsika sitepe imodziimodzi, Baibulo lili patsogolo. Atafika anavala magalasi n'kuwerama. Kenako uphunzitsi, poti ndi matenda, unawagwira. Analoza samu yoyamba ndi chala n'kuwerenga mokweza kuti seveni kuphatikiza eyiti. Ndipo anthu, ambiri mwa iwo anaimbapo pabwalo lomwelo ali ana, anayankha okha pamodzi osauzidwa kuti fifitini. Ahedi anati wakhoza. Yachiwiri chimodzimodzi. Azibambo a ndevu, azimayi a ana kumsana, onse akuimba masamu m'nkhungu, ahedi ali ndi zogonera. Pofika yakhumi anthu anaomba m'manja. Mayi wa chikwakwa uja anauza mnzake kuti iye anadziwa kale, amangofuna aone ngati ena azindikire.

A Chimkwita anafika nkhani itatha, anavomera kuti tikiyo ndi yawo. Ndiye abambo anawafunsa pamaso pa anthu onse.

"Aphunzitsi, zaka zitatu mwanayu akulephera. Dzulo chinachitika n'chiyani?"

A Chimkwita anayamba kukonza kukhosi, ati khama, ati kaphunzitsidwe kabwino kamachedwa kubala. Ine pakamwa panga sipanaphunzire ulemu mpaka lero.

"Anapita kukathamangitsa nkhumba, ndiye ndinapeza nthawi yomalizira."

Bwalo lonse linaseka. A Chimkwita okha sanaseke. Abambo ananyamula ndowa yawo ija, ati madzi asatayike pachabe akawaze m'tchalitchi asanasese, analandira chipewa, n'kunena mawu atatu okha.

"Amalume apeze wina."

Lamulungu amalume anabwerera okha kutsidya. Lolemba ahedi anandikwapula zikoti zisanu ndi chimodzi chifukwa choopseza banja lawo, a Chimkwita anawonjezera zawo chifukwa cha nkhumba. Akazi a ahedi sanandiyankhenso moni mpaka anasamuka. Ndipo kuyambira tsiku limenelo dzina langa lenileni linafa. Mpaka lero pamsewu anthu amati a Sing'anga, mbatatesi mukugulitsa bwanji.

Tsono chondikwiyitsa ndi ichi. Ndinanena chilungamo pamaso pa ahedi, aphunzitsi, mpingo ndi mudzi wonse, kuti mwana uyu amangofuna nthawi. Anaseka, anapita kwawo. Lachiwiri kamtsikana kaja kanakweza dzanja, mthunzi unandipeza pa samu yachitatu, zonse zinabwerera m'malo mwake. Anandikweza ku Sitandade 3, ndikuganiza chifukwa cha manyazi. Ku Sitandade 4 liwiro linawonjezeka, ine ndinali yemweyo, ndevu zinayamba kutuluka, ndinasiya ndekha. Zolemba za kumbuyo kwa malole ndimawerenga. Zambiri sizoseketsa n'komwe.

Ndiye Lachitatu lapitali ndinapita kumsonkhano uja nditakonzeka kukalipa. Anatilowetsa m'chipinda mmene ana amagwiritsira ntchito matabuletiwo. Zii. Ana akhala pamphasa, aliyense kagalasi kake pamiyendo, zomvera m'makutu, palibe woimba, palibe wolira. Ine ndinati sukulu yanji yopanda phokoso, munthu uli kudimba udziwa bwanji kuti aphunzitsi abwera kuntchito. Ndipo madandaulo anga ena sindinasinthe. Zinthuzo zimadalira sola, ndiye kuno nkhungu ikakhala masiku atatu zimagona. Mwana amagwira kanthawi kochepa n'kupatsa mnzake. Chala chimangogogoda pagalasi, sindikudziwa ngati chidzadziwe kulemba kalata. Zimenezi ndinazinena, ndipo ndidzazinenanso.

Kenako anaimirira madamu a Tiyamike, kamtsikana kobadwa dzulodzuloli, kaulemu ndithu. Anati kale anthu ankaganiza kuti mphunzitsi ndiye ali ndi nzeru zonse, mwana angotsegula mutu alandire, ndipo ana onse alandire tsiku limodzi mulingo umodzi. Ati masiku ano anaona kuti mwana aliyense ali ndi liwiro lake. Ati kulakwitsa si mlandu, ndi njira yophunzirira, bola mwana aone yekha pamene walakwitsa n'kuyesanso. Ati tabuleti imadikira, ikaona mwana wakakamira imamubweza pa zosavuta, wofulumira imamupititsa patsogolo, osasokoneza mnzake. Ati iwo ntchito yawo tsopano si kuima kutsogolo kokha ayi, koma kuona amene wakakamira n'kukakhala naye pansi. Makolo anzanga akugwedeza mitu ngati amva uthenga wochokera kumwamba.

Ine ndinaimirira.

"Madamu, zimenezi mwazitulukira liti?"

Anati anazifufuza anthu ophunzira kwambiri kwa zaka zambiri.

"Ine ndinazinena ndili ndi kabudula wong'ambika, pabwalo, pamaso pa mudzi wonse. Anandikwapula."

Anthu anayamba kundikoka malaya, a Sing'anga khalani pansi, si nthawi yake. Ndinakhala, koma sindinabweze mawu.

Msonkhano utatha madamu anandiitana pambali. Anatsegula tabuleti n'kundionetsa za Tiyamike. Zonse zili momwemo, zimene anakhoza, zimene analakwa, ngakhale za miyezi yapita. Zimenezo sizinandisangalatse kwenikweni, chinthu chosunga zolakwa za mwana ngati mlamu woipa mtima. Koma ndinaona. Mwanayo ndi wochedwa. Watengera ine, palibe chobisa. Anzake ali patsogolo, iye akubwera m'mbuyo, koma akubwera, sabata iliyonse wasunthako, ndipo sanabwereze kalasi. Madamu anati musamuthamangitse bambo, afika. Ndinati amene adzayese kumuthamangitsa adzayambe wakumana ndi ine.

Ndiye Tiyamike, mwana wopanda mantha, anati abambo tayesani inunso. Madamu anati n'za ana okha, kenako anayang'ana kumbali. Tiyamike anandiveka zomverazo, zinandithina. Munatuluka mawu a mzimayi, odekha, akufunsa samu yochotsera. Ndinagogoda msanga kuti mwana aone kuti bambo ake ndi munthu. Ndinalakwa. Mawu aja anati ndiyesenso. Osakweza, osausa moyo. Ndinayamba kuwerenga zala pansi pa tebulo. Ndinasokonezeka pakati, ndinayambiranso. Ndinayang'ana pagalasi, funso lili pomwepo, silinachoke. Ndinachedwa dala kuti ndione ngati chinthucho chitope. Sichinatope. Chinangokhala, kundidikira ine, munthu wa imvi, wogulitsa mbatatesi pamsewu.

Ndinakhoza. Ndinavula zomverazo n'kutuluka osatsanzika, Tiyamike akundithamangira pambuyo kufunsa ngati zandiluma m'makutu. Mpaka lero ndikadakwiyabe. Vuto n'lakuti sindikudziwa woti ndikamukalipire. A Chimkwita anamwalira, ahedi anamwalira, abambo anagona kalekale. Atsala ndi ogula mbatatesi okha, ndipo mawa ndi tsiku la msika.